Ndikufuna kuyamba kuyendetsa thanki ya mafuta, ndiyambire pati?

WakuKanengo: Akuluakulu, ndayendetsa lole zaka zinayi, kututa simenti ndi chimanga pakati pa Lilongwe ndi Kasungu. Laisensi ya CE, yoyendetsera malole akuluakulu okoka ngolo, ndinatenga chaka chatha. Mtima wanga uli pa thanki, ya ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Ndiyambire pati?

MdalaWaPaSongwe: Achimwene, pasipoti ndi chilolezo chonyamulira katundu woopsa zikhale m'thumba kaye. Koma dziwani, simenti imangokhala phee, pomwe mafuta amayenda m'thankimo. Mukaponda buleki mwadzidzidzi amakukankhani kumsana, pakona amakukokerani kunja. Tsiku loyamba kutsika Chiweta nditadzaza dizilo, malaya anachita kumata ndi thukuta. Giya yotsikira muzisankhiratu muli pamwamba. Pezani dalaivala wamkulu muyende naye maulendo angapo, ngakhale akutumeni kuphika nsima pa boda.

Nachisale_BT: Amuna anga ali pa mseu wa ku Beira. Nkhani ndi shoteji, bambo. Ulendo wina anasaina pepala osayang'anitsitsa masili, aja amamatira pa zotsekera za thanki ikadzazidwa, pofika kuno malita aperewera, abwana n'kudula malipiro. Mwezi umenewo tinadya bonya.

WakuKanengo: Zikomo mdala, zikomo mayi. Nanga pa mzere wodikira kudzaza mumatha masiku angati? Ndidziwiretu ufa woti ndinyamule.