Ndingatani kuti chikondi cha pa mwana wanga chizindidzutsa kukalimbitsa thupi?

Bambo wa pa Dedza boma

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru. Ntchito yanga ndi yokhala pansi tsiku lonse, ndipo nditapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene unkandisautsa, anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anandipatsa mankhwala n'kundilangiza kuti ndichepetse mchere komanso ndiziyenda. Bambo anga anamwalira ndi sitiroko ine ndisanamalize sukulu, choncho ndikudziwa mmene mwana amakulira movutika kholo likapita msanga, ndipo sindikufuna kuti mwana wanga wamkazi, amene ali mu Sitandade 3, adzaone zomwezo. Ganizo limeneli limandigwira mwamphamvu usiku, koma kukacha, makamaka mu June ndi July pamene chifunga chimakuta phiri la Dedza ndipo madzi a mundowa amachita kuluma zala, mphamvu ija imakhala itathawa. Inu amene munapirira, munatani?

Mayi wa ku Bembeke

Achimwene, pepani kwambiri ndi za bambo anu. Zimene ndaona ine n'zakuti mantha sakhalitsa, chifukwa mutu ukangosiya kupweteka munthu amayamba kudziona ngati wachira. Mwanayo asamangokhala m'maganizo mwanu usiku, koma azikhala nanu panjira m'mawa. Amuna anga atapezeka ndi matenda a shuga tinagwirizana kuti iwo ndi amene aziperekeza mwana wathu kusukulu wapansi, kenaka azipitirira kuntchito podzera njira yozungulira. Mnyamatayo anaitenga ntchitoyi ngati yake. Nthawi ikakwana amaima pakhomo atavala juzi, nsapato za bambo ake zili m'manja, ndipo bambo amene angathe kuzengereza pa malangizo a dokotala sangathe kubweza mwana amene wawanyamulira nsapato. Panjirapo ndi pamene amamva za aphunzitsi, za anzake ndi zimene zikumuvuta m'kalasi, nkhani zimene kale zinkathera kwa ine ndekha.

Namwino wa ku Ntcheu

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Bembeke, koma bambo, ndionjezeko za muyezo kuti musadzipweteke. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga kumawerengedwa. Liwiro loyenera ndi lija loti mukupuma mofulumirirapo ndipo thukuta layamba, koma mukutha kulankhula ndi mwana wanu. Musayambe ndi kukwera pamwamba pa phiri la Dedza, lomwe ndi lotalika kuposa mamita 2,000. Misewu ya pa boma pomwepo ili ndi zitunda zokwanira munthu woyamba kumene. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, imani ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chimatidandaulitsa kwambiri ndi anthu amene amasiya mankhwala akaona kuti thupi lapepuka. Vutoli nthawi zambiri silipweteka, choncho chokuuzani zoona ndi makina oyezera okha, ndipo muyezo ukamafika 140/90 kapena kuposa apo ndiye kuti magazi akuthamangabe. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wa mundiwo. Popeza vutoli limayenda m'magazi a pabanja, mwana amene akuzolowera kuyenda ndi kudya ndiwo zosawawa mchere akutetezedwanso iye mwini.

Agogo a ku Lizulu

Mwana wanga, pali chinthu china chimene chimagwetsa ambiri, ndicho pakamwa pa anthu. Kwathu kuno mwamuna akanenepa timati akupeza bwino ndipo mkazi wake akumusamala, koma akayamba kuonda anthu amanong'onezana za matenda, ena n'kumanena kuti kunyumba sakumupatsa chakudya. Choncho yambani mwakhala pansi ndi mayi a kunyumba, ndipo ngati n'kotheka apongozi anunso amve kuchokera pakamwa panu, kuti mawu a anthu asadzagwere mkazi wosalakwa. Ife tinakula ndi khasu, ulendo wapansi ndi gule wa ngoma, ndipo amayi amene amasenza mbatata ya kachewere ndi kabichi kubwera nazo pamsika uno sasowa wowauza za kulimbitsa thupi. Komabe musadalire munda wokha, chifukwa khasu lili ndi nyengo yake, pamene mtima wanu umafuna ntchito chaka chonse.

Bambo wa pa Dedza boma

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, ndalankhula ndi mayi a kunyumba, ndipo anena kuti za mchere aziona okha komanso Loweruka tizipita limodzi kumsika wapansi. Anamwino, ndifunseko: kodi mankhwalawa ndizimwa ndisananyamuke m'mawa kapena ndikafika kuntchito, nanga nyengo ya mvula ndingachite chiyani m'nyumba momwemo?