Mwana wanga akufuna kuvotera chipani chomwe chikundiopsa, ndilankhule naye bwanji?

Abale anga pagulu pano ndigawireniko nzeru. Ine kwathu ndi ku Mangochi koma ndakhala mu Johannesburg zaka 21, ndimasoka zovala ku Fordsburg. Mayi akunyumba ndi a ku Soweto ndiye mwana wathu woyamba ali ndi ID ya konkuno, adzavota koyamba pa chisankho cha makhansala. Ndale zatilowera mpaka pa mbale ya nsima. Amake ndi a ANC chiyambire 1994, amati ndi amene anabweretsa ufulu, nyumba ya RDP (zomangidwa ndi boma) ya agogo ake ndi magranti. Mnyamatayu akuti ufuluwo anaupeza ulipo kale, iye akufuna ntchito basi. Chimalizire matric amagulitsa makava a foni pa intaneti ndipo nyimbo yake ndi yoti boma lichotse manja pa bizinesi, magetsi ndi sitima azipereke kwa amakampani, malamulo olembera anthu ntchito afewe. Mtima wake uli ku ActionSA, akuti Herman Mashaba amene anayambitsa chipanichi anadzutsa kampani ya mafuta a tsitsi ya Black Like Me ndiye ndalama amaidziwa. Chikundisowetsa tulo ine ndi mmene chipanichi chimalankhulira za obwera. Dzulo ndamufunsa ndili pa makina kuti nanga ife bambo ako, wangoti "adadi inu muli ndi mapepala". Ndinaleka kaye kusoka. Sindikufuna kumulamula, koma ndiyambire pati?

Mayankho

Achimwene si wanu yekha. Mu 2024 ANC inatsikira pa 40%, koyamba kulephera kufika theka, DA inapeza pafupifupi 22%. Ana obadwa ufulu utabwera sawerenga za kale. Wanga anathawira ku EFF, akufuna boma litenge malo ndi migodi, njala yomweyo koma khomo lina.

Musakangane naye bambo, mufunseni mafunso. Malamulo akafewa, malipiro otsikitsitsa a R28.79 pa ola omwe anakhazikitsa mu 2025 adzawateteza ndani? Kumudzi tinaona mu 2023 kwacha atayigwetsa ndi 44%, shuga ndi feteleza zinathawa anthu. Komanso ngati msika ndi waufulu, bwanji spaza (kagolosale) ya obwera ikumupweteka?

Mwini funso: Zikomo achemwali, funso la spaza sindinaliganizepo. Loweruka ndimutenga ku shopu akakhale tsiku lonse ndi anyamata awiri a ku Machinga amene ndimasoka nawo, adye nawo, awaone mmene amadzidzimukira galimoto ya polisi ikaima panja. Amake ndawapempha asamutchulenso wosayamika.