Odwala akukana katemera wa Covid ati ndi wa kachilombo kakale: tibaye kapena tidikire?

Sista wa ku ART (kliniki ya ma ARV): Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Ku ART komanso kukliniki ya shuga ndi BP ambiri akukana katemera wowonjezera wa Covid. Ati kachilombo kanasintha kalekale, adikira katemera watsopano. Tiwasiye adikire?

Wa ku labu: Asista, pa kusinthako musatsutsane nawo, akunena zoona. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira spike, timinga timene kachilombo kamagwirira selo, ndipo pamenepo m'pamene pamasintha kwambiri. Omicron, mtundu wa kachilomboka umene South Africa inanena ku WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse) pa 24 November 2021, anali ndi zosintha zoposa 30 pa spike pokha. N'chifukwa chake obayitsa kale ankadwalabe. Mu February 2021 dziko lomwelo linaimitsa katemera wa AstraZeneca ataona kuti sakuteteza mokwanira kudwala pang'ono ndi mtundu wa Beta.

Clinical officer: Zoona achimwene, koma musasiyire pamenepo, mwina asista angaganize kuti odwalawo apambana. Chitetezo chili pawiri. Ma antibody ndi amene amatsekereza kachilombo kasanalowe m'selo. Amachepa pakapita miyezi yowerengeka, ndipo spike ikasintha amaphonya. Ma T cell amapha selo limene lalowedwa kale, ndipo amazindikira tizidutswa tambirimbiri ta spike, tambiri mwa ito sitinasinthe ngakhale pa Omicron. Ndiye munthu wobayitsa angathe kutsokomola ndi kutentha thupi, koma mwayi wofika pa oxygen kapena kumwalira umatsika. Tikamalonjeza kuti "simudwala" tikudzikumbira dzenje tokha, chifukwa akadwala chimfine mawa abwera kudzatinena kuti tinanama.

Wa ku pharmacy: Za kudikirazo, onani kalendala. Kusintha katemera wa mRNA (monga wa Pfizer) mu labu n'kwachangu, koma kuyesa, kuvomereza, kupanga mamiliyoni a madozi ndi kutumiza kumadya miyezi. Omicron anaoneka November 2021, katemera wa mitundu yake ya BA.4 ndi BA.5 anavomerezedwa ku America pa 31 August 2022. Pofika kumayambiriro kwa 2023 mtundu wina wotchedwa XBB unali utalanda malo. Mu May 2023 WHO inalangiza kuti katemera apangidwe pa XBB.1, chaka chisanathe mtundu winanso wa JN.1 wafalikira, mu April 2024 n'kulangizanso JN.1. Katemera amakhala m'mbuyo nthawi zonse, monga wa fuluwenza, ndipo kuno amafika mochedwerapo. Wodikira wofanana ndendende ndi kachilombo ka lero sadzabayitsa. WHO yomweyo imati munthu asachedwetse kubayitsa podikira watsopano.

Clinical officer: Ndipo si aliyense wofunika kumuthamangira. Malangizo a WHO a March 2023 anaika patsogolo okalamba, a shuga, mtima ndi matenda ena okhalitsa, a chitetezo chofooka, amayi oyembekezera ndi ife ogwira ntchito zachipatala. Dozi yowonjezera imabwera pakapita miyezi 6 kapena 12 kuchokera pa yomaliza, malinga ndi msinkhu komanso matenda. Asista, ku ART yambani ndi a CD4 yotsika (asilikali a m'thupi ochepa) ndi amene viral load (kuchuluka kwa HIV m'magazi) sinatsike. Mnyamata wathanzi amene anabayitsa kale akakana, musalimbane naye.

HSA (wa zaumoyo m'midzi): Mabwana, vuto lina n'lakuti akavomera amakhala mmodzi kapena awiri patsiku. Titsegule botolo chifukwa cha munthu mmodzi?

Wa ku pharmacy: Werengani chizindikiro cha pabotolo kaye, Pfizer ali mitundu yosiyana. Wa chivindikiro cha pepo amasungunulidwa ndi 1.8 ml ya saline, amatulutsa madozi 6 a 0.3 ml, ndipo akathiridwa saline agwiritsidwe ntchito pasanathe maola 6. Wosatsegula amakhala mufiriji ya 2 mpaka 8°C masiku 31 okha akachoka mu freezer. Wa chivindikiro chotuwa sasungunulidwa ndi saline, amakhala masabata 10 mufiriji. Kulakwitsa kofala ndi kuthira saline mu wotuwa, dozi imafooka. Kwina ndi kukhulupirira tsiku losindikizidwa pabotolo osalemba tsiku limene lachoka mu freezer. Losungunuka lisabwererenso mu freezer, ndipo musalikhutchumule, litembenuzeni pang'onopang'ono ka 10. Pa funso lanu bambo: munthu wa pachiopsezo akavomera, tsegulani. Madozi otsala m'botolo ndi ochepa poyerekeza ndi bokosi lonse kutha mphamvu lili chitsekere, monga madozi 19,610 a AstraZeneca amene Malawi inatentha mu May 2021.

Sista wa ku ART: Ndiye tiika katemera pa tsiku la kliniki ya shuga ndi tsiku lolandira ma ARV, kuti botolo lizitha. Powauza tiziti, "Kachilombo kasinthadi, mungadwale, koma uyu ndi wokuthandizani kuti musagonekedwe."

Clinical officer: Onjezani kuti chitetezo chimakhwima pakapita masabata awiri, ndipo wodwala malungo aakulu kapena wotentha thupi kwambiri tsikulo ayambe wachira, mum'lembere tsiku lina m'buku lake lachipatala.