Abale amino acid ndi NH2 kapena NH3+? Ndabalalika

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni chonde mayeso ali pafupi. Mu buku langa amino acid anaijambula kaboni pakati, uku NH2, uku COOH, kenako H ndi R (kagulu ka m'mbali kaja) basi, ine ndinaloweza momwemo. Ndiye dzana pa test ndajambula zomwezo koma aphunzitsi andithetha, angolemba NH3+ ndi COO- ndi cholembera chofiira osafotokoza kalikonse, ndipo kuwafunsa ndikuopa amakalipa. Walakwa ndani apa, buku kapena iwowo? Komanso zoona ndiloweze ma amino acid onse 20?

Woyankha 1: Funso linati chani kwenikweni? Ngati linatchula pH 7 (pH ndi muyeso wa asidi, 7 ndi pakatikati) aphunzitsi anu akulondola. Bukunso silinaname ayi, langojambula osalabadira za pH. Koma mukaika amino acid m'madzi pa pH 7, COOH ija ndi asidi ndiye imataya H+ n'kutsala COO-, pomwe NH2 imatola H+ n'kukhala NH3+, uku plus uku minus, mukaphatikiza chaji ndi ziro. Imeneyo ndiye zwitterion. pH ikatsika kwambiri COO- imabwerera ku COOH, ikakwera kwambiri NH3+ ndi imene imataya H yake.

Wofunsa: Eee ndayang'ananso pepala, pH 7 ilipodi kumapeto kwa funso, sindinaione n'komwe kkkk manyazi

Woyankha 2: Achimwene mwafotokoza bwino koma zoti chaji ndi ziro si kwa onse, musamusokeretse mwana. Glutamic acid ali ndi COOH ina ku R ndiye pa pH 7 amatsala ndi minus, lysine ali ndi amino ina ndiye amakhala plus.

Woyankha 1: Zoona amwene, ndimaganiza za alanine ndi anzake.

Woyankha 3: Zoloweza 20 ngati nyimbo zisiyeni mudwala mutu. Msana ndi umodzi, chosiyana ndi R yekha. Yambani ndi glycine, R wake ndi H chabe choncho kaboni wapakati ali ndi ma H awiri, ndiye yekhayo pa onse 20 amene si chiral (chiral ndi pamene kaboni wagwira zinthu zinayi zosiyana), ndipo funso limeneli amalikonda heavy. Alanine ndi CH3. Cysteine ndi methionine ndi okhawo ali ndi sulfur. Proline ndi wamakani, R wake amakhota n'kukagwiranso nitrogen kupanga ring. Enawo muwaike m'magulu, okonda madzi, odana ndi madzi, ndi a chaji. Ndipo R musamuderere, matenda a sickle cell amabwera chifukwa pa malo a nambala 6 mu beta chain ya hemoglobin, puloteni ya m'maselo ofiira a magazi, valine walowa pomwe pamayenera kukhala glutamic acid, mmodzi yekhayo basi, maselo ofiira n'kupindika ngati chikwakwa.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Nanga peptide bond, ija yolumikiza ma amino acid awiri, ndijambule ndi NH2 kapena NH3+?

Woyankha 3: Jambulani NH2 ndi COOH kuti madzi otuluka aoneke bwino, OH kuchokera ku COOH ndi H kuchokera ku NH2. Koma muyambe mwawerenga funso mpaka kumapeto ulendo uno kkkk