Kodi mtima wapachala ndi wa m'magazi, kapena munthu amachita kuuphunzira?

Nkhoswe wa ku Dómuè

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tikakhala pa milandu ya m'banja kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, abale a mwamuna womenya mkazi amakonda kunena kuti, "Musadabwe naye, ndi magazi, bambo ake analinso amtima wapachala." Akatero mlandu umakhala ngati watha. Koma ine ndimaona kuti ndewu zimachuluka mu Okutobala ndi Novembala, komanso anthu akangogulitsa mbatatesi. Nanga magazi amasintha ndi mwezi? Ukali umachokera kuti kwenikweni, ndipo nkhoswe ingalangize chiyani choposa kungoti "ugwireni mtima"?

Namwino wa ku Moatize

Bambo nkhoswe, tisiyanitse kaye kupsa mtima ndi kumenya. Kupsa mtima tonse tinabadwa nako. Mkati mwa ubongo, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere, muli tizigawo tiwiri tating'ono totchedwa amygdala. Munthu akakumana ndi choopsa, kaya ndi njoka kaya ndi mawu omunyoza pagulu, tizigawoti timadzidzimutsa thupi sekondi isanathe. Tinthu tina tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda mothamanga, mpweya umafupika, m'kamwa mumauma, magazi amathamangira m'minofu ya manja ndi miyendo. Zonsezi zimachitika munthu asanaganize n'komwe.

Chomwe chimagwira dzanja kuti lisatuluke chili kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi. Madokotala amati prefrontal cortex, ndipo ndiyo buleki ya munthu. Gawoli limachedwa kukhwima, limafika pake munthu ali ndi zaka pafupifupi 25, n'chifukwa chake anyamata ndi amene sachedwa kuponya chibakera. Likavulala, khalidwe limasintha. Mu 1848 ku America, Phineas Gage, kapitawo wa ntchito yomanga njanji, anabooledwa ndi chitsulo kuchokera patsaya kukatulukira pamwamba pa mutu. Anachira, koma omudziwa anati wasanduka munthu wosaugwira mtima ndiponso wotukwana.

Funso lanu la miyezi likuyankhidwa pamenepa. Mowa ndiwo umafooketsa gawoli kwambiri, makamaka wotchezedwa monga kachasu kapena nipa, ndipo ndalama za mbatatesi zikalowa umamwedwa wambiri. Kusagona kumalifooketsanso, njala chimodzimodzi, kutentha nakonso. Mumzinda wa Tete miyezi imeneyo kutentha kumapitirira madigiri 40. Kwanuko n'kozizirirapo, komabe ndi nthawi yomwe anthu akulima mizere padzuwa, ndalama ya feteleza ikusowa, chimanga m'nkhokwe chikutsika.

Chimodzi musachiphonye. Munthu amene anali wofatsa n'kusintha mwadzidzidzi atagwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu, kapena mwana amene wayamba kulusa atachira malungo a muubongo, ameneyo apite kuchipatala asanapite kubwalo.

Mphunzitsi wa ku Furancungo

Amayi anamwino afotokoza bwino za thupi, ine ndigwirepo pa magazi aja. Kachilungamo kalipo ndithu. Ana amabadwa osiyana, wina wosachedwa kudzidzimuka, wina wozizira. Koma chomwe amatengera ndi kufulumira kwa kupsa mtima, osati chochita akapsa mtima.

Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akatswiri akhala akutsatira ana pafupifupi 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973. Mu 2002 Avshalom Caspi, Terrie Moffitt ndi anzawo anapeza kuti anyamata okhala ndi mtundu wina wa jini (kanthu ka m'thupi komwe mwana amatengera kwa makolo) yotchedwa MAOA ankakula achiwawa kwambiri ngati anazunzidwa ali ana. Anzawo a jini yomweyo amene analeredwa popanda nkhanza sanasiyane kwenikweni ndi ana ena onse. Ndiye magazi paokha sakwanira, amadikira zomwe mwana akumane nazo pakhomo.

Kale mu 1961, Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford anaonetsa ana aang'ono munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu. Atasiyidwa okha, anawo anachimenya m'njira yomweyo, ena mpaka kubwereza mawu ake. Choncho abale akamati "bambo ake analinso otero," mwina akunena zoona, koma umboni umenewo ukuloza ku zomwe mwanayo ankaona usiku uliwonse, osati ku magazi okha. Tisaiwalenso kuti ambiri amene ndi makolo lero anakula nkhondo yapachiweniweni ya dziko lino ili mkati, ena m'misasa ya anthu othawa nkhondo ku Dedza ndi Ntcheu, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Thupi lomwe linazolowera kukhala tcheru silimasuka tsiku limodzi. Ndipo ife aphunzitsi tikamakwapula mwana chifukwa wamenya mnzake, phunziro lomwe amatenga ndi lakuti wamphamvu ndiye amamenya.

Mlangizi wa mabanja, Ulónguè

"Ugwireni mtima" amalephera chifukwa amafika mochedwa. Mtima ukafika pothamanga, munthu samvanso bwino zomwe mnzake akunena, ndiye malangizo ayenera kugwira ntchito asanafike pamenepo.

Yambani ndi kumufunsa mwamunayo, ali wosaledzera, kuti atchule chomwe thupi lake limayamba kuchita. Ena nsagwada zimalimba, ena khosi limatentha, ena amayamba kuyendayenda. Chimenecho ndicho chizindikiro chake chonyamukira. Kenako awiriwo agwirizane pamaso panu mawu oti wina akawanena, kukambirana kwaima. Wopsa mtimayo atuluke, ndipo mnzake asamutsatire kapena kuima pakhomo. Apa ndi pomwe zimawonongekera kawirikawiri, chifukwa wotsalayo amaona ngati akuthawidwa. N'chifukwa chake wotulukayo azinena nthawi yobwerera, ndipo azibweradi.

Atalikire kwa mphindi zosachepera 20, chifukwa thupi silizizira msanga kuposa pamenepo. Ayende wapansi, asakwere njinga yamoto, asalowere kumowa. Akoke mpweya powerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono powerenga mpaka 6, abwereze kangapo. Kutulutsa kotalikako ndiko kumachepetsa kugunda kwa mtima. Koma akamayenda uku akubwereza m'mutu zomwe wauzidwa ndi zomwe akayankhe, abwera wolusa kuposa mmene anachokera.

Ena amalangiza kumenya pilo kapena khoma kuti ukali utuluke. Ayi. Mu 2002 katswiri wina, Brad Bushman, anayesa zimenezi, ndipo anthu amene anamenya thumba akuganizira wowakwiyitsa anatsala aukali kuposa amene anangokhala chete.

Nkhani za ndalama zikambidwe m'mawa, anthu atadya, wina asanalawe mowa. Za mbatatesi zigawidwe tsiku lomwe zalowa: za feteleza, za sukulu, za pakhomo.

Mayi wa ku Tsangano

Zonsezi n'zabwino kwa munthu amene amaphulikadi, koma bambo nkhoswe muzifunsanso funso ili: kodi amamenyanso bwana wake, wapolisi kapena achimwene ake? Ngati amakwanitsa kudekha pamaso pa amfumu n'kukamenya mkazi chitseko chitatsekedwa, ameneyo mtima amaugwira bwinobwino. Wachita kusankha womumenya, ndipo cholinga ndi kulamulira. Woteroyo kupuma mpweya sikungamusinthe, ndipo kuwakhazika pamodzi kuti "akhululukirane" kumaika mkazi pangozi, chifukwa sangalankhule zoona womumenyayo ali pambali. Mumve mkaziyo payekha.

Lamulo nambala 29/2009 la dziko lino limati nkhanza za m'banja kwa mayi ndi mlandu wa boma, kutanthauza kuti aliyense angakanene, ndipo ankhoswe alibe mphamvu youthetsera pakhomo. Kupolisi kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, ndipo za ana mungaimbe 116, Linha Fala Criança, mwaulere. Ngati anamukanyanga pakhosi, anamuopseza ndi chikwanje kapena mpeni, kapena anamumenya ali woyembekezera, musadikire bwalo lina. Mayiyo agone kwa abale ake usiku womwewo, mawa lake apite kuchipatala kuti mabala alembedwe asanapole.