Kuika turbo pa injini ya rotary ya Mazda RX-8

Makaniko wa ku Luchenza:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kasitomala wanga wabweretsa Mazda RX-8 ya 2005 yomwe anaitanitsa ku Japan, ndipo akufuna ndiyiikire turbo chifukwa akuti pa zitunda za pakati pa Thyolo ndi Bvumbwe siikoka mpaka atatsitsa giya. Turbo wagula kale yochotsa pa galimoto ina, ili m'katoni pansi pa tebulo langa. Ine ndagwira injini za mapisitoni kwa zaka zambiri, koma ya rotary iyi ndi yoyamba, ndipo sindikufuna kuphunzirira pa katundu wa eni ake.

Mmisiri wa ku Chitakale:
Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanamasule bawuti ndi limodzi lomwe, pajatu safunsa anadya phula. Injini imeneyo ndi Renesis 13B-MSP, ya ma rotor 2 (zitsulo za nsonga zitatu zozungulira m'malo mwa mapisitoni), 1308 cc, ndipo a Mazda anaipanga kuti izikoka yokha mpweya, n'chifukwa chake compression ratio yake, mlingo wa kupanikiza mpweya, ndi 10:1. RX-7 yomaliza, yomwe inkachoka ku fakitale ili ndi ma turbo 2, inali ndi 9:1, ndipo anatsitsa dala. Mukakankhira mpweya wambiri m'malo othina kale, petulo amaphulika nthawi isanakwane. Injini ya mapisitoni imayamba yagogoda n'kukuchenjezani, koma ya rotary imangothyola apex seal, kachitsulo kopyapyala ka mamilimita 2 kokhala pa nsonga iliyonse ya rotor. Ndinatsegulapo ina yotero, ndipo chidutswa chake chinali chitalemba mzere m'kati mwa housing, chipinda chomwe rotor imazunguliramo, moti chikhadabo chinkakodwa ndikayendetsapo chala.

Vuto lina ndi lakuti pa Renesis utsi umatulukira m'mbali, osati m'mphepete mwa housing ngati pa RX-7, ndiye turbo ikautsekereza, kutentha konse kumatsalira pa ma side seal, tizitsulo totseka mpweya m'mbali mwa rotor. Koma tisanapite patali, ndiuzeni: kodi galimotoyo imalira bwino injini ikatentha?

Wa zamagetsi ku Bvumbwe:
Ndikugwirizana nawo madalawa. Ndiwonjezere kuti turbo payokha ndi gawo laling'ono la ntchitoyi, chifukwa pafunika intercooler yoziziritsa mpweya, ma injector akuluakulu, pampu ya petulo yamphamvu, manifold yopirira moto, ndiponso munthu wodziwa kusintha mapulogalamu a ECU (kompyuta ya injini) akuyang'ana wideband (geji yoonetsa kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo), popeza kompyuta ya ku fakitale siidziwa kuti mpweya ungabwere mokankhidwa. Amene amachita zimenezi pa injini yosasinthidwa m'kati sakankha mpweya kupitirira kwenikweni 0.4 kapena 0.5 bar. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mafuta. Petulo akasowa, mwini wakeyo adzathira wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, wosadziwika chimene asakanizamo, ndipo ulendo umodzi wokwera phiri masana a mu Okutobala ndi wokwanira kupha injini. Muonenso makoyilo ndi mapulagi onse 4, chifukwa pa RX-8 makoyilo satha nthawi asanafooke.

Makaniko wa ku Luchenza:
Bambo a ku Chitakale, mwalasa. Ndamufunsa kasitomala uja, ndipo wavomera kuti akazimitsa pothira mafuta amadikira mphindi zingapo kuti ilirenso, pomwe m'mawa imalira kamodzi n'kamodzi. Iye ankaganiza kuti ndi batire.

Mmisiri wa ku Chitakale:
Chimenecho ndi chizindikiro cha compression yotsika, ndipo mwina n'chimene chikumulepheretsa pa zitundapo. Ngati mulibe makina oyezera a rotary, tengani geji wamba, chotsani kavalavu kosunga mpweya, muyeze injini ili yotentha, mukuyang'ana muvi ukudumpha katatu pa rotor iliyonse, kamodzi pa iliyonse ya nkhope zake zitatu, ndipo kudumphako kuzikhala kofanana. Buku la Mazda limati mlingo wabwino ndi 8.5 kgf/cm², wotsikitsitsa ndi 6.9, injini ikuzungulira pa 250 rpm. Mumuuzenso mwini wakeyo kuti galimoto imeneyi siiyendetsedwa ngati Corolla, mphamvu yake ili kumwamba, ndipo ya magiya 6 osintha pamanja imafika 9000 rpm, choncho kutsitsa giya pa chitunda si matenda ayi.

Makaniko wa ku Luchenza:
Ndayeza madzulo ano monga munanenera, mnyamata wanga akupukusa ine ndikujambula muvi pa foni. Rotor ya kutsogolo ili cha pa 7, koma ya kumbuyo ili pansi pa 6, ndipo nkhope imodzi ikudumpha mochepa kuposa zinzake. Ndamuonetsa mwini galimoto kanemayo ndipo wamvetsa kuti turbo ikanangomaliza injiniyo. Tagwirizana kuti katoni ija apite nayo kunyumba, ndalama zomwe anasunga tiitanitsire ma seal, makoyilo ndi mapulagi. Bambo a ku Chitakale, zipangizo zikafika ndidzakutumizirani ya basi kuti mudzakhalepo tsiku lotsegula, chifukwa kuyeza mipata ya ma side seal sindinakuonepo ndi maso.