Gulu la Mbumba Yathu: Za Buku la Mzime

Amayi Aakulu (Kapata): Mwauka bwanji nonse. Patha sabata zitatu chitumizireni pano buku limene mwana wathu walemba. Osindikiza kutauni akuti mabuku 50 ndi K4,500, ndipo akufuna yankho Lachisanu. Amene mwawerenga lankhulani tisanayambe kusonkha.

Msuweni (Lusaka): Ine ndinalimaliza usiku umodzi. Magetsi anathima, ine osaleka mpaka foni inazima m'manja. Pamene mtsikana uja akukumba madzi oundana pansi pa nthaka ya Mars n'kudzutsa Napolo, thupi lonse linachita tsembwe. K500 yanga ilipo.

Mlamu (Mwami): Ndafika pakati. Koma mtsikana wa ku Chadiza kukwera chombo mpaka ku Mars? Basi yopita ku Lusaka yomwe imamuzunguza mutu 😂

Mzime: Alamu, nkhaniyo ikuchitika mu 2164. Ndiponso si ine woyamba kulota. Mu 1964 a Edward Mukuka Nkoloso ankaphunzitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka, kuwalowetsa m'mgolo n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere za mumlengalenga. Ankafuna kutumiza mtsikana ndi amphaka awiri ku Mars. Amphaka a m'buku langa achokera kumeneko.

Amayi Aang'ono (Chadiza): Ine ndawerenga ndi cholembera chofiira, uphunzitsi sutha. Ulendo wa miyezi isanu ndi iwiri walemba bwino, ndi mmene zombo zopanda anthu zimatengera. Zoti mtsikanayo akunyamula thumba la chimanga ndi dzanja limodzi ndavomera, poti kumeneko chinthu chimalemera pang'ono kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuno. Koma mutu 6, mwanawe, wandikhumudwitsa. Akucheza ndi ambuye ake ngati ali kuseri kwa nkhokwe! Uthenga wa wailesi kuchoka ku Mars umatenga mphindi 3 mpaka 22 kuti ufike kuno, malinga ndi pamene maiko awiriwa ali. Ukati "muli bwanji", udya nsima n'kusamba m'manja yankho lisanabwere.

Mzime: Amayi, pamenepo ambuye akewo anamwalira kale. Sakulankhula pawailesi, akulankhula kudzera mu nsupa ija anam'patsa ponyamuka. Mizimu sichedwa.

Amayi Aang'ono (Chadiza): Ndiye ulembe momveka. Ine ndimayesa nsupayo ndi dzina la makina. Koma kunena zoona, ndi pomwe pandisokoneza: tsamba lino masamu enieni, tsamba linalo mizimu. Sankha chimodzi.

Msuweni (Lusaka): Ayi amayi, kukoma kwake n'komweko. Ifeyo sitimwa mapiritsi a kuchipatala uku tikupita kukathira nsembe kumanda? Mukachotsa nsupa latsala buku la azungu lovala chitenje.

Atsibweni (Katete): Ndakhala chete ndikumvetsera. Mphwanga, dzanja uli nalo. Bilimankhwe wachitsulo uja amene anatumidwa ndi uthenga n'kuchedwa panjira wandiseketsa, ndaona kuti nthano za ambuye ako sunazitaye. Napolo musiyeni, nsupa isiyeni. Mlandu wanga uli pa mutu 9.

Amayi Aakulu (Kapata): Ndinadziwa.

Atsibweni (Katete): Walemba chilombo chikuvina m'chombo, kenako wafotokoza zimene zimachitika kudambwe. Iwe sunalowe. Zina walemba zabodza, zina wazimva kwa anzako osasunga pakamwa, ndipo zonse ziwiri n'zoipa. Bukuli likatuluka, ku Mkaika pa Kulamba anthu sadzafunsa wolemba, adzafunsa kuti mwini mbumba ndani. Ndine.

Mzime: Atsibweni, pepani, sindinafune kunyoza. Koma Gule Wamkulu anadziwika kale dziko lonse, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, linamulemekeza mu 2005. Anthu amajambula ndi mafoni tsiku lililonse.

Atsibweni (Katete): Amajambula pabwalo. Pabwalo m'pa aliyense, ngakhale mlendo wochoka ku Mars akhoza kuonera. Kasiyamaliro avine m'chombo chakocho usiku wonse, fumbi lofiira likwere, ng'oma zilire, ine ndiombera m'manja. Koma masamba atatu aja achoke. Popanda zimenezo ndalama yanga siituluka, ndipo dzina la banja lisalembedwe kumbuyo.

Mlamu (Mwami): Ine Mngoni za kudambwe ndilibe mawu. Dandaulo langa n'lakuti m'buku lonse mulibe Mngoni ngakhale mmodzi, chonsecho ife tinaoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litada masana. Za kumwamba tinayamba kale ife.

Msuweni (Lusaka): Werengani mpaka kumapeto alamu, woyendetsa chombo ndi wa ku Mtenguleni.

Mlamu (Mwami): Basi K700.

Mzime: Ndikachotsa masambawo, mtsikanayo adziwa bwanji njira yogonekera Napolo? Chinsinsi chonse chili pamenepo.

Amayi Aang'ono (Chadiza): Achimve m'nyimbo. Nyimbo za gule akazi timaimba poyera, tanthauzo lake amadziwa ndi eni ake. Wowerenga aone kuti wamva kanthu, koma asauzidwe.

Mzime: Hmm. Zimenezo zikhoza kukoma kuposa mmene zinalili. Ndipatseni masiku anayi.

Amayi Aakulu (Kapata): Dzulo ndinawawerengera ambuya mitu iwiri pakhonde, akusola mtedza. Anamvetsera bwinobwino, kenako akuti, "Mwana wamkazi ulendo wonsewo, ufa ananyamula wokwana?" Ndawauza kuti muli makina ophika. Akuti makina sadziwa kuvundula.

Msuweni (Lusaka): 😂😂 Zimenezo zilowe m'buku!

Amayi Aakulu (Kapata): Osindikiza ndiwauza adikire mpaka Lachisanu linalo. Pakali pano tili ndi K1,200, ine ndiikapo K800. Tumizani pa nambala yanga ya Airtel, osati kwa mzime, tikumudziwa ndi mabandulo.

Atsibweni (Katete): Mphwanga, Loweruka ukwere minibasi ya m'mawa ubwere ndi mutu 9 papepala, zilembo zikuluzikulu. Pafoni maso amandiwawa. Ndikakhutira, yotsalayo ndimaliza ine ndikagulitsa soya.

Mzime: Ndamva atsibweni. Ya transipoti?

Atsibweni (Katete): Funsa bilimankhwe wako.